Kodi Kasitima Kabwino Ndi Kati?

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1968 bungwe loyendetsa njanji za boma ku Britain linaleka kugwiritsa ntchito injini za malasha pa njanji zake zikuluzikulu. Zikwizikwi za injinizo zinapita kwa ophwanya zitsulo, ndipo zowerengeka zokha ndizo zinapulumuka. Komatu anthu a dziko limenelo sanathe kuziiwala. Kufikira lero lino m'nyumba zambiri za kumeneko muli thebulo limene anayalapo tinjanji, ndipo pa tinjanjipo pamayenda tisitima tating'ono topangidwa mofanizira injini zakalezo. Musayese kuti amenewa ndi masewera a ana okha ayi. Akuluakulu a imvi, madokotala, aphunzitsi ngakhalenso abusa a mipingo amathera nthawi ndi ndalama zambiri pa zimenezi.

Tsono anthuwa akakumana sachedwa kutsutsana za kasitima kamene kali kabwino koposa. Tikautchera khutu mkangano wawowo tipeza kuti uli ndi nthambi zitatu. Wina amayang'ana tizigawo: kodi timipope, tizitsulo togwirira ndi timitu ta misomali tonse tikuoneka monga zinaliri pa injini yeniyeni? Wina amafunsa za kulimba: kodi kasitimaka kadzafika m'manja mwa adzukulu kakuyendabe? Wachitatu amatulutsa lula m'thumba nayamba kuyesa, pakuti iye chimene afuna ndicho kulondola kwa miyeso. Ife taona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kuifotokoza, chifukwa zinthu zitatuzi anthu ambiri amaziyesa chinthu chimodzi, pamene zili zosiyana ndithu, ndipo kawirikawiri zimalimbana. Mmisiri akapambana pa chimodzi amalipira pa chinzake. Wogula amene sadziwa zimenezi amataya ndalama zake, ndipo mwana amene anamugulira uja amatsala akulira ndi chidole chothyoka.

Tiyambe ndi miyeso. Mwana aliyense amene anaphunzira kuwerenga mapu akuidziwa sikelo: sentimita imodzi papepala imaimira makilomita akutiakuti pamtunda. Tisitima natonso timapangidwa pa sikelo. Ku Britain sikelo yofala koposa ndi imene amaitcha OO, ndipo lamulo lake ndi lakuti phazi limodzi la injini yeniyeni likhale mamilimita 4 pa kasitima, ndiye kuti chilichonse chachepetsedwa ka 76.2. Titenge chitsanzo cha injini yotchedwa Mallard, imene ikusungidwa mumzinda wa York. Pa 3 Julaye 1938 injini imeneyi inathamanga mailosi 126 pa ola, ndiwo makilomita 203, liwiro limene likuwerengedwabe kuti ndilo lalikulu koposa la injini ya malasha. Kutalika kwake pamodzi ndi ngolo yake ya malasha ndi madzi ndi mapazi 71. Kasitima kake kayenera tsono kukhala mamilimita 284, kufupikirako pang'ono poyerekeza ndi lula ya kusukulu. Magudumu ake aakulu ndi a mapazi 6 ndi mainchesi 8, choncho timagudumu tiyenera kukhala pafupifupi mamilimita 27. Ngakhale liwiro lili ndi sikelo yake: kasitima kakayenda masentimita 74 pa sekondi imodzi kafika pa liwiro la Mallard. Zidole zambiri zakale zinkathamanga kuposa pamenepa, ndipo ana ankakondwa osadziwa kuti palibe sitima ya malasha imene inachitapo zotero.

Apa ndi pamene pali chodabwitsa. Mpata wa pakati pa njanji ziwiri ku Britain ndi mamilimita 1,435. Mukagawa nambala imeneyi ndi 76.2 mupeza mamilimita 18.83. Koma tinjanji ta OO timene amagulitsa m'masitolo tili ndi mpata wa mamilimita 16.5 okha. Mukaukulitsa mpata umenewu kufika pa msinkhu wa sitima yeniyeni upereka mamilimita 1,257, ndiye kuti waperewera ndi mainchesi 7. Chotero kasitima kalikonse ka OO, kakhale kotsika mtengo kapena kodula bwanji, kali ndi thupi la sikelo ina ndi miyendo ya sikelo ina. Mukakayang'ana cham'mbali simungaone vuto. Mukakayang'ana chakutsogolo muona kuti timagudumu talowa m'kati mopitirira, ngati munthu wonenepa amene waima mapazi ali pamodzi.

Cholakwa chimenechi sichinabwere chifukwa cha kusadziwa masamu. M'zaka za m'ma 1920 kampani ya Bing ya ku Nuremberg, m'dziko la Germany, inayamba kupanga tisitima toti tikwane pathebulo, ndipo mpata wa tinjanji take unali pafupifupi theka la uja wa zidole zazikulu za nthawiyo. Sikelo yogwirizana ndi mpata wa mamilimita 16.5 ndi ya mamilimita 3.5 pa phazi limodzi, kuchepetsa ka 87. Imeneyi ndiyo itchedwa HO, ndipo ndi imene a ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya anaitsata. Koma injini za ku Britain ndi zocheperapo thupi, popeza njanji za kumeneko zinamangidwa kale kwambiri, ndi milatho yofupika ndiponso ngalande zopapatiza zoboola mapiri. Pozichepetsa ka 87, m'kati mwake simunkatsala malo okwanira sipuling'i yopukusa ndi kiyi kapena mota ya magetsi ya masiku amenewo. Amisiri anangokulitsa thupi, tinjanji nkutisiya momwemo. Lero mamota ndi aang'ono zedi, koma nyumba zosawerengeka zinagula kale tinjanji ta mamilimita 16.5, ndipo palibe wamalonda amene angafune kuuza ogula ake kuti ataye zonse ayambirenso.

Alipo anthu amene sanalole kugonja. Ena anayamba kudzipangira okha tinjanji ta mamilimita 18, timene pambuyo pake anatikulitsa kufika 18.2, ndipo muyeso umenewu utchedwa EM. M'zaka za m'ma 1960 ena anapitirira pamenepo nakhazikitsa muyeso wa P4, wa mamilimita 18.83 enieniwo. Koma walira mvula walira matope. Gudumu la sitima lili ndi mlomo umene umaliletsa kuchoka panjanji, ndipo mlomowo ukachepetsedwa molondola sufika ngakhale theka la milimita. Tinjanji tikangopendama pang'ono pokha, kasitima kamagwa. Palinso vuto la pokhota. Tinjanji tokhota tofala m'masitolo tipanga bwalo la mamilimita 438 kuchokera pakatikati kufika panjanji, ndiwo mamita 33 okha pa msinkhu weniweni, pamene njanji zikuluzikulu zimakhota pa bwalo la mamita mazanamazana. Kasitima ka OO kamatha kuzungulira malo opanikiza chotere chifukwa chakuti timagudumu take tili ndi danga logwedera uku ndi uku, danga lochokera ku cholakwa chomwe chija. Wofuna miyeso yolondola ayenera kukhala ndi chipinda chachikulu, manja odekha ndi zaka zambiri.

Tibwere tsopano ku kulimba. Bambo Frank Hornby a ku Liverpool, amene anatulukira chidole cha Meccano, anayamba kugulitsa tisitima topukusa ndi kiyi mu 1920. Iwo anamwalira mu 1936, ndipo mu 1938 kampani yawo inatulutsa tisitima ta OO totchedwa Hornby Dublo. Thupi la kasitima kotere linali chitsulo chosungunula chimene ankathira m'chikombole, chosakaniza zinki ndi aluminiyamu. Kanali kolemera m'manja, ndipo kulemerako kunkathandiza timagudumu kugwira njanji pokoka ngolo zambiri. Tizigawo tambiri, monga timipope, tinali toumbidwira kumodzi ndi thupi, kotero kuti panalibe zambiri zoti nkuthothoka. Tambiri mwa tisitima ta Dublo topangidwa m'zaka za m'ma 1950 tikuyendabe lero, tikangopukutidwa ndi kudonthezedwa mafuta. Koma munthu wa lula uja sakadakhutira nato, pakuti kufikira chaka cha 1959 tinjanji take tinali titatu, kachitatu kali pakati konyamula magetsi, chinthu chimene Mallard sinayendepo.

Ngakhale chitsulocho chinali ndi nthenda yake. Zinki ikasakanikirana ndi mtovu, ngakhale wochepa kwambiri, chitsulo chimaoneka bwinobwino pochoka kufakitale. Pakapita zaka chimayamba kutupa, kung'aluka timing'alu, kenaka nkumanyenyeka ngati chigumu chouma, makamaka chikasungidwa pa malo a chinyontho. Nthenda imeneyi ilibe mankhwala, ndipo inawononga zidole zambiri zopangidwa m'zaka za m'ma 1930, ku Britain ndi ku Germany komwe. Nkhondo yachiwiri itatha amisiri anaphunzira kusamala kuti zinki ikhale yoyera, ndipo vutolo linachepa. Komabe linabukanso m'tisitima tina topangidwa chitadutsa chaka cha 2000, tokongola zedi kunja, koma tsinde lake lonyamula mota likusweka lokha m'bokosi. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kulemera kwa chinthu m'manja sikutiuza ngati amene anasakaniza chitsulocho anali wosamala.

Mu 1950 kampani ina yaing'ono yotchedwa Rovex inatulutsa kasitima ka pulasitiki, ndipo posakhalitsa inagulidwa ndi eni ake a zidole za Tri-ang. Injini yake yoyamba inali chifanizo cha Princess Elizabeth, koma chofupikitsidwa kwambiri, ndipo ngolo zakenso zinali zazifupi. Pulasitiki ya masiku oyambawo inkapindika pakapita nthawi, mwakuti ngolo zina zinkakhota msana ngati nthochi, kufikira pamene anasintha mtundu wa pulasitiki cham'katikati mwa zaka za m'ma 1950. Akatswiri ankatinyoza tisitima timeneti. Koma tinali totsika mtengo, tinjanji take tinali tiwiri monga njanji zenizeni, ndipo mota yake, yotchedwa X04, inali yosavuta kuimasula, kuipukuta ndi kuisinthira tizitsulo totha. Kulimba kuli mitundu iwiri: pali chinthu chosafulumira kuwonongeka, palinso chinthu chimene chikawonongeka munthu wamba amatha kuchikonza yekha pakhomo.

Pa mpikisano wa awiriwa makolo ndiwo anaweruza, ndipo anaweruza ndi thumba. Mu 1964 kampani ya Meccano, italowa m'mavuto a ndalama, inagulidwa ndi eni ake a Tri-ang, ndipo dzina la Hornby linasamukira pa tisitima ta pulasitiki. Zikombole zambiri za Dublo zinapita ku kampani ya Wrenn, imene inapitiriza kuumba tisitima tachitsulo kufikira chaka cha 1992, kugulitsa kwa anthu ochepa amene ankalolera mtengo wake. Chinthu chabwino chimatha kugonja pamsika ngati ubwino wake uli woposa umene wogula angathe kulipira.

Nanga tizigawo? Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ana ambiri anali atatembenukira ku masewera a pakompyuta, ndipo ogula tisitima anali makamaka akuluakulu. Kampani ya Hornby inasamutsira ntchito yopanga ku China, ndipo mu 2000 inatulutsa chifanizo cha injini za gulu la Merchant Navy chimene chinadabwitsa anthu. Kuyambira pamenepo kasitima kamodzi kamakhala ndi tizigawo tochuluka tomatidwa pamanja kamodzikamodzi: timipope ta waya woonda, timakwerero, tizitsulo ta mabuleki, ngakhale timawotchi ta m'chipinda cha woyendetsa. Ndi zokongola, sitikana. Koma kachigawo kalikonse komatidwa padera ndi kachigawo kamene kangathe kuthothoka. Pali tisitima tina timene kungotitulutsa m'bokosi kumafuna kuwerenga malangizo poyamba, ndipo kakagwa kamodzi kuchokera pathebulo ndiye kuti katha. Ka Dublo kakagwa chomwecho, kawirikawiri kamangochoka utoto.

Tichenjerenso ndi maganizo akuti kasitima kochuluka tizigawo ndiko kolondola. Injini yeniyeni inkasintha pa moyo wake. Taganizani za Flying Scotsman, imene inamangidwa ku Doncaster mu 1923. Poyamba nambala yake inali 1472, mu 1924 inakhala 4472, ndipo mu 1948 inapatsidwa 60103. Mu 1947 anaiika boyila ya mphamvu yoposa yoyamba ija. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anasintha chumuni chake, ndipo mu 1961 anaiika malata awiri kutsogolo okankhira utsi m'mwamba. Tsono munthu akati ali ndi chifanizo cholondola cha Flying Scotsman, timufunse kuti cha chaka chiti. Kasitima kangathe kukhala ndi timitu ta misomali tosawerengeka, koma nkukhala ndi chumuni cha chaka china ndi utoto wa chaka china, ndipo kakhala chithunzi cha injini imene sinaonekepo padziko. Kena kangathe kukhala kosalala, kopanda zokometsera, koma miyeso yake yonse ili m'malo. Diso la mlendo limakopeka ndi koyambako. Amene anagwirapo ntchito pa injiniyo amazindikira kachiwiri.

Anthu anzeru pa luso limeneli ndi amene anayamba adzifunsa chimene akufuna. Mbusa Peter Denny, wa mpingo wa Anglican, amene anatumikira zaka zambiri ku Cornwall, anayamba kumanga njanji yake yotchedwa Buckingham kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Anasankha muyeso wa EM, nasankhanso chaka chimodzi, 1907, kuti zonse zigwirizane ndi nthawi imeneyo. Zambiri anapanga ndi manja ake kuchokera ku timatabwa, makatoni ndi tizitsulo totsala. Chimene iye anafuna chinali chakuti sitima zinyamuke ndi kufika motsata ndondomeko ya nthawi monga pa njanji yeniyeni, ndipo njanji yakeyo inayenda zaka zoposa 50 iye asanamwalire mu 2009. Ku Pendon, m'mudzi wa Long Wittenham pafupi ndi Oxford, kuli nyumba yoonetsera zinthu imene inayambitsidwa mu 1954 ndi bambo Roye England, wochokera ku Australia. Kumeneko cholinga ndicho kusunga maonekedwe a midzi ndi njanji za m'ma 1920 ndi 1930, ndipo kanyumba kamodzi kamatha kutenga miyezi yambiri kuti kathe. Zinthu zotere zili kuseri kwa galasi, ndipo palibe amazikhudza. Onse awiri anachita bwino, pakuti aliyense anadziwa chimene wasankha ndi chimene wasiya.

Nkhani ya mpata wa njanji ikutikhudzanso ife kuno. Njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inamangidwa ndi mpata wa mapazi 3 ndi mainchesi 6, ndiwo mamilimita 1,067, monga zilili njanji za ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Munthu akafuna kupanga chifanizo cha injini zimene zinkakwera mapiri kubwera ku Limbe, nkutenga sikelo ya OO, tinjanji take tiyenera kukhala mamilimita 14. Akaika injini yotere pa tinjanji ta 16.5 ndiye kuti walakwa mbali inayo, miyendo yatangadza kuposa thupi. Anthu a ku New Zealand, amene njanji zawo zili ndi mpata wofanana ndi wathu, anapeza njira yanzeru. Iwo amachepetsa ka 64 m'malo mwa ka 76.2, ndipo 1,067 mukaigawa ndi 64 ipereka 16.7, pafupi kwambiri ndi tinjanji ta m'sitolo.

Tsono kwa makolo amene mwina wachibale wa ku Britain kapena ku Johannesburg wawafunsa kuti awatumizire kasitima kotani, malangizo athu ndi awa. Ngati ndi ka mwana woti azisewera nako pansi, sankhani kosavuta, kochepa tizigawo, kamene mota yake imamasuka ndipo zosinthira zake zimapezeka. Ngati ndi kachitsulo kakale, kayang'anitsitseni pansi ndi m'magudumu, ndipo mukaona timing'alu kapena potupa kasiyeni ngakhale mtengo utsike. Ngati ndi kokongoletsera m'kabati, tengani ka tizigawo tambiri, koma kakhale kutali ndi fumbi, dzuwa ndi manja a ana. Ngati ndi kophunzitsira m'kalasi, funsani sikelo yake ndi chaka chimene kakuimira. Wogulitsa akakuuzani kuti kake ndi kokongola koposa, kolimba koposa, kolondola koposa ndiponso kotsika mtengo, kumbukirani kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pomaliza tinene ndi aphunzitsi anzathu. Ana athu amene amapinda mawaya kupanga magalimoto amakumana ndi mafunso atatu omwewa, ngakhale sawatchula maina. Wina amaika magalasi, nyali ndi zitseko zotseguka, koma galimoto yake siifika madzulo. Wina amapinda waya wokhuthala, yake nkutha chilimwe chonse, koma simungadziwe ngati ndi lole kapena basi. Chimene sitinawaphunzitse mokwanira ndicho chachitatu. Tsiku lina atengereni panja ndi chingwe choyesera, ayese ngolo ya ng'ombe m'litali, m'lifupi ndi magudumu ake, agawe nambala iliyonse ndi 20, kenaka apinde mawaya motsata zimene apeza. Adzaona okha kuti waya ndi wonenepa kuposa mmene sikelo ifunira, ndipo adzayenera kusankha pakati pa kulondola ndi kulimba, monga anachitira amisiri a ku Liverpool mu 1938. Muwalole asankhe, koma aliyense aimirire afotokozere anzake pamene wapatuka pa muyeso ndi chifukwa chake. Mwana wozolowera kunena poyera pamene ntchito yake yaperewera adzakhala mmisiri amene anthu angamukhulupirire pomanga nyumba zawo.